Tifunseni: Dera lomwe Mayi Merkel adaimira zaka 31 lidatembenuka bwanji?

Makalata anayi a mwezi uno onse achokera kuno ku Mzuzu, ndipo onse agwera pa zisankho za ku Germany. Ndawayankha pamodzi chifukwa yankho la wina likuthandiza funso la mnzake.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo usiku uliwonse ndimamvera nkhani zakunja pa wailesi. Ndidamva kuti dera lomwe Mayi Angela Merkel ankaimira ku nyumba ya malamulo ya Germany tsopano lili m'manja mwa chipani chodana ndi anthu obwera. Zandizunguza mutu. Anthu omwe adasankha mayi uja kasanu ndi katatu, mayi amene adatsegulira khomo othawa nkhondo, angatembenuke chonchi? Kapena kudachitika zachinyengo?
Mphunzitsi wopuma, Chibavi

YANKHO: Aphunzitsi, makutu anu sadakunamizeni, ndipo palibe adabera mnzake. Anthu a kuderako ankavotera mayi uja monga munthu, pomwe mtima wawo pa chipani chake cha CDU unali utayamba kale kuzirala. Manambala ake akuonetsa zimenezi poyera, koma tiyambe taliona deralo.

Germany ili ndi madera a aphungu 299, ndipo lomwe mukunenali ndi la nambala 15. Lili kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, m'chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern. Muli mzinda wakale wa padoko wa Stralsund, chilumba cha Rügen chomwe ndi chachikulu kuposa zilumba zonse za Germany, ndiponso midzi ya alimi chakumtunda. Mu 1990 linkatchedwa Stralsund – Rügen – Grimmen. Malire ake adasinthidwa mu 2002, n'kusinthidwanso mu 2013 pomwe adalowetsamo mzinda wa Greifswald, kumene kuli yunivesite yomwe idakhazikitsidwa mu 1456. Lero dzina lake ndi Vorpommern-Rügen – Vorpommern-Greifswald I. Zodula malirezi ife kuno sizachilendo, popeza mzinda wathu womwe unali dera limodzi udagawidwa patatu chisankho cha 2025 chisanachitike.

Chomwe simuyenera kuiwala n'chakuti derali linali mbali ya East Germany, dziko la chikomyunizimu lomwe lidakhalapo kuyambira 1949 mpaka 1990. Zisankho zinkachitika ndithu, koma pa pepala pankabwera mndandanda umodzi wokha, wovomerezedwa kale ndi chipani cholamula cha SED. Munthu ankangopinda pepalalo n'kuponya m'bokosi. Wolowa m'kachipinda kobisika kuti akafufute dzina ankadziwa kuti maso ali pa iye. Zotsatira zinkatuluka kuti anthu 99 pa 100 alionse avomereza. Inu aphunzitsi mudagwira ntchito nthawi ya chipani chimodzi kuno kwathu, referendamu ya 1993 isanafike, ndiye mantha amtunduwu mukuwadziwa kuposa ine. Zaka 40 zimenezo zidasiya chipsera chomwe chikuonekabe pa mavoti. Kumadzulo kwa Germany kuli mabanja omwe agogo, makolo ndi adzukulu akhala akuvotera chipani chimodzi: Akatolika ambiri akumidzi ku CDU, a m'migodi ndi m'mafakitale ku chipani china chachikulu cha SPD. Kum'mawa mizu yotere idalibe nthawi yozama. Wovota wakumeneko amayesa chipani, chikamukhumudwitsa amachisiya osayang'ana m'mbuyo.

Mayi Merkel eni akewo anali mlendo kuderali. Adabadwira ku Hamburg mu 1954, adakulira ku Templin komwe bambo awo anali m'busa, ndipo pomwe khoma la Berlin linkagwa pa 9 November 1989 n'kuti iwo akugwira ntchito ya sayansi mu Berlin momwemo. Ndale adazilowa miyezi yomweyo. Mu September 1990, pa chisankho cha chipulula cha CDU chomwe chidachitikira ku Prora pa chilumba cha Rügen, adagonjetsa abambo awiri ochokera kumadzulo. Dziko lidalumikizana pa 3 October, ndipo chisankho chinali pa 2 December.

Pali chithunzi chodziwika kwambiri cha kampeni imeneyo, chomwe ndimachiyang'ana kawirikawiri. Chidajambulidwa m'kanyumba ka asodzi m'mudzi wa Lobbe, pachilumbapo. Kuwala kukulowa pa kawindo, m'nyumbamo muli utsi wa fodya, asodzi ovala zakuntchito akhala duu aliyense poganiza zake, ndipo mayi wa zaka 36 wakhala pakati pawo ndi kagalasi ka mowa wowawa womwe adamupatsa. Palibe nsalu ya chipani, palibe gulu lovina, palibe chimkuzamawu. Anthu amenewa moyo wawo udali pa nsomba yotchedwa herring, yomwe kwa iwo ili ngati usipa kwa msodzi wa ku Nkhata Bay. Nkhawa yawo tsiku limenelo inali yakuti boma lomwe linkawagula nsomba pa mtengo wokhazikika latha, nanga mawa adzagulitsa kwa yani.

Mayi Merkel adapambana ndi mavoti 48.5 pa 100 alionse, ndipo chansela (mtsogoleri wa boma) Helmut Kohl adawapatsa unduna wa amayi ndi achinyamata. Mu 1994 adapeza 48.6. Mu 1998, chaka chomwe Kohl adagonja kwa Gerhard Schröder, adatsika kufika pa 37.3, komabe mpando adausunga. Mu 2002 adapeza 41.6, mu 2005 pomwe adakhala chansela adapeza 41.3, mu 2009 adakwera kufika 49.3, ndipo pachimake panali mu 2013 pomwe adafika 56.2.

Koma m'zaka zonsezi pansi pankawira. Dziko litalumikizana, mafakitale a boma adagulitsidwa kapena kutsekedwa, minda ikuluikulu ya makopaletivi idachepetsa antchito, ndipo kampani yopanga zombo ya ku Stralsund, yomwe inali msana wa mzindawo, idayamba kusinthasintha eni ake uku antchito akuchepa. Cha m'ma 2005, munthu mmodzi mwa asanu alionse ofuna ntchito m'chigawocho adalibe ntchito. Achinyamata, makamaka atsikana ophunzira, adalongedza n'kupita ku Hamburg, ku Berlin ndi kumwera. Chigawo chomwe chinali ndi anthu pafupifupi 1.9 miliyoni mu 1990 chidatsala ndi pafupifupi 1.6 miliyoni. Inde, alendo oona malo adayamba kudzaza mahotela a ku Rügen m'chilimwe, koma ntchito za m'mahotela n'za nyengo ndipo malipiro ake ndi ochepa. M'midzi mudatsala nkhalamba, sitolo itatsekedwa, dokotala ali kutali, basi ikudutsa mwa apo ndi apo.

Ndiye kudabwera 2015. Chaka chimenecho Germany idalandira anthu opempha chitetezo pafupifupi 890,000, ambiri a iwo othawa nkhondo ya ku Syria. Ine ndimaona kuti Mayi Merkel adachita chinthu cha umunthu, ndipo tsiku lililonse ndingayimire mawu amenewa. Koma munthu wa m'mudzi wa kumpotoko, amene kwa zaka 25 ankauzidwa kuti ndalama zokonzera izi ndi izo palibe, adaona ndalama zikupezeka msanga zosamalira alendo, ndipo mtima udamupweteka. Chipani cha AfD, chomwe chidayamba mu 2013 polimbana ndi ndalama ya euro, chidatola mkwiyo umenewu n'kuulozetsa kwa obwera. Pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawocho mu September 2016, AfD idapeza 20.8 pa 100, kuposa CDU yomwe idapeza 19. Zimenezi zidachitika pakhomo penipeni pa chansela.

Apa ndiye pagona nkhani, aphunzitsi. Ku Germany munthu amaponya mavoti awiri, ina ya munthu ina ya chipani (ndafotokoza bwino m'yankho lachiwiri pansipa). Mu 2013, pomwe Mayi Merkel adapeza 56.2, chipani chawo m'dera lomwelo chidapeza pafupifupi 45. Mu 2017 iwo adatsika kufika 44, ndipo chipani chidatsala pafupifupi pa 33. Ndiye kuti mwa anthu anayi alionse omwe adachonga dzina la mayiwa chaka chimenecho, mmodzi adapereka voti yake yachiwiri ku chipani china. Ankalemekeza munthuyo, kapena ankanyadira kuti mtsogoleri wa dziko ndi phungu wawo, koma CDU sinali kwawo. Chaka chomwecho woimira AfD, Leif-Erik Holm, adabwera wachiwiri ndi mavoti oposa 19 pa 100.

Mayi Merkel atalengeza kuti sadzaimanso, mavoti a ulemu aja adabalalika tsiku limodzi. Mu September 2021 mpando udapita kwa Anna Kassautzki wa SPD, mtsikana wa zaka 27 yemwe anali asanabadwe pomwe mayi aja ankakhala m'kanyumba ka asodzi. Adapambana ndi 24.3 pa 100 basi. Wa CDU, Georg Günther, adapeza 20.4, ndipo wa AfD anali pafupi kwambiri kumbuyo kwake. Taonani kuti anthu atatu mwa anayi alionse sadavotere wopambanayo. Dera lotere silinapeze mwini, lidangogawikana.

Zaka zotsatira sizidathandize. Mu January 2022 kampani yomwe inali ndi malo opangira zombo ku Stralsund idagwa ndi ngongole. Herring itachepa m'nyanja, malamulo a European Union adatsala pang'ono kuletseratu kuipha, moti asodzi ambiri adakoka mabwato n'kusiya. Nkhondo ya ku Ukraine idakweza mitengo ya gasi ndi magetsi, ndipo boma litaganiza zoika malo olandirira gasi wobwera pa zombo ku doko la Mukran pa Rügen, anthu ambiri pachilumbapo adakana poopa kuti alendo athawa, koma ntchito idapitirirabe. Pa chisankho cha pa 23 February 2025, Dario Seifert wa AfD adatenga mpandowo ndi mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo atatu. AfD idatsogola m'madera onse asanu ndi limodzi a m'chigawocho.

Musaganize kuti dera lonse lili ndi mtima umodzi. Greifswald, mzinda wa ophunzira ndi madokotala, udasankha meya wa chipani cha Greens, Stefan Fassbinder, mu 2015, n'kumusankhanso mu 2022. Ukachoka mumzindamo pang'ono n'kulowa m'midzi, mavoti amasinthiratu. Ine zomwe AfD imanena za anthu obwera sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Koma ndimakananso mawu akuti ovota onsewo adasanduka oipa mwadzidzidzi. Ena mwa iwo ndi omwe aja adachonga dzina la Merkel mu 2013. Zipani zikuluzikulu zidadalira dzina la munthu mmodzi kwa zaka 31, osamanga chilichonse pansi pake, ndipo wina atabwera kudzakhala nawo pansi n'kumvera madandaulo awo, adamutsatira.

FUNSO: Ndine wophunzira ku Mzuzu University. Mnzanga akuti ku Germany munthu atha kupambana m'dera lake koma osalowa m'nyumba ya malamulo. Ndamutsutsa kuti zimenezo sizingatheke m'dziko la demokalase. Wolondola ndani? Nanga njira yawoyo ingatithandize ku Malawi?
Wophunzira, Luwinga

YANKHO: Mwana wanga, kapepeseni kwa mnzanuyo, wanena zoona. Mu 2025 zidachitikira anthu 23.

Tengani pepala lovotera la ku Germany m'maganizo mwanu. Ndi lalitali, ndipo lagawidwa pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere, m'zilembo zakuda, kuli mayina a anthu omwe akupikisana m'dera lanu. Kumanja, m'zilembo za buluu, kuli mayina a zipani, ndipo pansi pa chipani chilichonse alembapo anthu oyambirira pa mndandanda wa chipanicho m'chigawo chanu. Mumachonga kamodzi kumanzere, kamodzi kumanja, ndipo palibe chokukakamizani kuti mbali zonse zikhale za chipani chimodzi. Ya kumanzere imayenda monga kwathu kuno: wochuluka mavoti ndiye wapambana, ngakhale apose mnzake ndi voti imodzi. Koma yamphamvu ndi ya kumanja, chifukwa ndiyo imanena kuti chipani chilichonse chikhala ndi mipando ingati m'nyumba yonse ya Bundestag. Chipani chomwe chapeza gawo limodzi mwa magawo asanu a mavoti a kumanja chimayenera kukhala ndi mipando yoyandikira pamenepo.

Vuto linkabwera chipani chikapambana madera ambiri kuposa mipando yomwe mavoti a kumanja achipatsa. Kale opambanawo onse ankalowa, ndipo kuyambira 2013 zipani zina zinkawonjezeredwa mipando kuti muyeso ubwerere. Nyumba yomwe imayenera kukhala ndi aphungu 598 idatupa kufika 709 mu 2017, kenako 736 mu 2021. Mu 2023 adasintha lamulo n'kukhazikitsa chiwerengero pa 630, osapitirira. Tsopano ngati mavoti a kumanja apatsa chipani mipando khumi m'chigawo, koma anthu ake atsogola m'madera khumi ndi awiri, awiri omwe apambana mofooka kwambiri amatsala panja. Chitsanzo chooneka bwino ndi ku chigawo cha Bavaria, komwe CSU (chipani chogwirizana ndi CDU) idatsogola m'madera onse 47 koma idalandira mipando 44. Mwa anthu 23 aja, 15 anali a CDU, anayi a AfD, atatu a CSU ndi mmodzi wa SPD. Mmodzi mwa a AfD aja anali wa dera la Rostock, m'chigawo chomwechi tikukambachi.

Palinso mpanda wina. Chipani chomwe sichinafike 5 pa 100 pa mavoti a kumanja m'dziko lonse sichigawiridwa mipando, pokhapokha chikapambana madera atatu. Mu 2021 chipani cha Die Linke chidapeza 4.9 koma chidapulumuka chifukwa cha madera atatu, awiri ku Berlin ndi limodzi ku Leipzig. Lamulo la 2023 lidafuna kuchotsa chipulumutso chimenechi, koma khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidachibwezeretsa mu July 2024. Mu 2025 chipani cha FDP chidagwa ndi 4.3, ndipo cha BSW chidaperewera pang'ono kwambiri pa 5 n'kutsala panja, ngakhale chidavoteredwa ndi anthu oposa mamiliyoni awiri.

Nanga ingatithandize? Mbali ina inde. Kwathu kuno phungu atha kulowa ndi mavoti ochepera gawo limodzi mwa magawo atatu pomwe opikisana achuluka, ndipo mavoti a onse ogonja amangotayika. Pa mtsogoleri wa dziko tidakonza zimenezi mu 2020 ndi lamulo la 50+1, koma pa aphungu zikadali momwemo. Voti yachiwiri ingapatse mawu munthu wa ku Chitipa wokonda chipani chomwe chili ndi mphamvu kumwera, komanso wa ku Thyolo wokonda chipani cha pakati. Ingationetsenso kuti zigawo zathu sizili ndi mtima umodzi monga mapu a zotsatira amaonetsera. Kumbukirani kuti mu 1994 AFORD ya Chakufwa Chihana idatenga mipando yonse 33 ya kumpoto kuno, koma sikuti wa kumpoto aliyense adaivotera.

Koma ndili ndi mantha awiri. Oyamba ndi mndandanda uja. Ku Germany lamulo limalamula kuti oimira chipani asankhidwe mwachinsinsi ndi mamembala kapena nthumwi zawo. Kwathu, komwe zisankho za chipulula zimatha ndi mikangano ndipo ogonja amakaima paokha n'kupambana (mu 2019 oima paokha adatenga mipando 55 mwa 193), mndandanda ungasanduke mphatso yomwe mtsogoleri wa chipani amagawira omuombera m'manja. Achiwiri ndi mpanda wa 5 pa 100, womwe ungameze zipani zazing'ono zomwe mphamvu zawo zili m'chigawo chimodzi, ngati sitingatengenso chipulumutso cha madera atatu chija. Ife a kumpoto, omwe ndife ochepa pa chiwerengero, tiyenera kuyang'anitsitsa pamenepo tisanaombe m'manja. Zosiya panja munthu amene wapambana m'dera lake ndiye sindingazifune n'komwe. Anthu omwe aima pamzere kuyambira m'bandakucha sungawauze kuti munthu wawo watsogola koma ku Lilongwe sapita.

FUNSO: Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu. Tinkakambirana ndi anzanga kuti ngati phungu wako ndi mtsogoleri wa dziko, ndiye kuti kwanu kwagwa mwayi. Kodi Mayi Merkel adawachitira chiyani anthu a kudera kwawo? Ankathandiza pa maliro ndi fizi?
Mayi wa mumsika, Mchengautuwa

YANKHO: Amayi, funso lanu ndalikonda chifukwa ndi lomwe ambiri a ife timayezera phungu. Bokosi la maliro sankagula, fizi sankalipirira munthu, ndipo palibe ankayembekeza zimenezo kwa iwo. Ku Germany kupatsa munthu ndalama kapena mphatso kuti akuvotere ndi mlandu. Banja likalephera kuika maliro, limapita ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo thandizolo ndi ufulu wawo, osati chifundo cha wandale. Sukulu za boma n'zaulere. Madzi, misewu ya m'mudzi ndi zinyalala ndi ntchito ya makhonsolo, pomwe sukulu ndi apolisi zili m'manja mwa boma la chigawo. Thumba ngati CDF yathu, lomwe dzina la phungu limamatirirapo, kulibe. Phungu amakhala ndi ofesi m'dera lake, komwe munthu amapita kapena kulemba kalata pa vuto lake, ndipo ya Mayi Merkel inali ku Stralsund. Iwo eni ankakhala ku Berlin.

Chomwe adapatsa deralo kwambiri ndi kulidziwitsa ku dziko lonse. Mu July 2006 adatenga George W. Bush, mtsogoleri wa America pa nthawiyo, kupita naye ku Stralsund, ndipo madzulo ake adakadya nguluwe yowotcha m'mudzi wa Trinwillershagen. Mu 2014 adapita nayenso kumeneko François Hollande, mtsogoleri wa France pa nthawiyo. Mu 2007 adatsegulira mlatho watsopano waukulu wolumikiza Stralsund ndi Rügen, ndipo mu 2008 nyumba yoonetserako zamoyo za m'nyanja yotchedwa Ozeaneum. Ntchito zimenezi zidakonzedwa ndi maofesi ambiri kwa zaka zambiri, sizinali mphatso zochokera m'thumba mwawo, koma n'zachidziwikire kuti pempho la mzinda womwe phungu wake ndi chansela silichedwa pa tebulo.

Komabe mwaona m'yankho loyamba lija kuti mlatho ndi alendo otchuka sizidaletse ana a kumeneko kusamuka. Mpaka lero malipiro a m'chigawocho ali m'gulu la otsika kwambiri mu Germany. Ndiye mukawauze anzanu mumsikamo kuti mwayi udagwadi, koma sudafike pakhomo lililonse.

Pa za maliro ndilankhule mosabisa. Ifenso tili ndi lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma sindingadzudzule mayi amene wathamangira kwa phungu mwana atamwalira usiku, chifukwa alibe khomo lina logogoda. Kusiyana kwathu ndi Ajeremani sikuli pa mtima. Iwo ali ndi ofesi yomwe imayankha, ife tilibe. Chomwe chimandiwawa n'chakuti phungu amene watha zaka zisanu akugula mabokosi amakhala alibe nthawi yowerenga bajeti ya unduna wa zaumoyo, yomwe ikadachepetsa malirowo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wapeza malo ophunzira unamwino kumpoto kwa Germany. Ndi zomwe tikumvazi, ndimulole apite?
Bambo wodandaula, Katoto

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi ya kholo ndipo ili ndi maziko. Chigawo cha Mecklenburg-Vorpommern chili ndi anthu obwera ochepa poyerekeza ndi madera ambiri a Germany, ndipo tsankho liliko. Mu August 1992, ku Lichtenhagen mumzinda wa Rostock, gulu la anthu lidaukira n'kuyatsa nyumba yomwe munkakhala anthu a ku Vietnam, ena ataima n'kumaombera m'manja. Mu May 2025 ofesi ya boma yoteteza malamulo a dziko idaika AfD m'gulu la zipani zamaganizo oopsa, chipanicho n'kukasuma kukhothi.

Koma dziwaninso izi. AfD idapeza 20.8 pa 100 m'dziko lonse mu 2025, kutanthauza kuti ovota anayi mwa asanu alionse adasankha zipani zina. Siili m'boma la dziko. Boma lomwe lidapangidwa chisankhocho chitatha, lotsogozedwa ndi Friedrich Merz, ndi mgwirizano wa CDU, CSU ndi SPD. Phungu wa dera alibe mphamvu pa chitupa cha mwana wanu chokhalira m'dzikomo kapena pa ntchito yake. Ndiponso dzikolo likusowa anamwino kwambiri chifukwa nkhalamba zachuluka.

Ine ndikadakhala inu ndikadamulola, koma nditachita izi kaye. Funsani dzina lenileni la mzinda, chifukwa moyo wa ku Hamburg, ku Rostock kapena ku Greifswald, komwe kuli ophunzira ochokera m'mayiko ambiri, ndi wosiyana ndi wa m'tauni yaing'ono yakumudzi. Onani ndi maso anu kalata ya mgwirizano yochokera ku chipatala kapena sukuluyo, yolembedwa dzina lake ndi ndalama yomwe azilandira pamwezi, popeza wophunzira unamwino kumeneko amalipidwa. Za chitupa akafunse ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Lilongwe, osati kwa munthu wapakati wofuna ndalama zambiri. Apemphe chipatalacho chimulumikize ndi wophunzira wina wochokera ku Africa amene ali kale komweko, amufunse mosabisa za malo ogona ndi zoyenda usiku akaweruka. Ndipo Chijeremani achilimbikire asananyamuke, chifukwa odwala okalamba a kumpotoko ambiri sayankhula Chingerezi.